Kodi ku Koleji Tidzafikako Bwanji?

Anzanga a Folomu 4, ndi inu aphunzitsi athu olemekezeka, masiku ano nkhani imene iri m'kamwa mwa ali yense pa sukulu pano ndiyo ya mapointi. Wina ali kuwerengera kuti akakhoza bwino masamu adzapita ku uinjiniya, wina ali kulota za udokotala, winanso mtima wake uli pa za ulimi. Zonsezi nzabwino ndithu. Koma pali funso limodzi limene sindinamve munthu ali kulifunsa, ndipo ndilo ndafuna kuliika m'magazini yathu ino. Funsolo nali: tikadzasankhidwa, m'mawa uli wonse tidzafika bwanji pa khomo la kalasi? Maganizo anga ndi akuti koleji iri yonse yomangidwa kunja kwa tauni iyenera kusamala ulendo wa ophunzira ake monga momwe isamalira laibulale ndi labotale, ndi kuti njira yabwino yochitira zimenezi ndiyo basi yonyamuka pa nthawi yoikika, imene ophunzira onse alipira pamodzi kamodzi pa semesita.

Tiyeni tiyambe taona kumene makoleji a boma ali. Koleji imene makolo athu amaitcha Polytechnic, imene kuyambira 2021 imatchedwa MUBAS, iri pa Chichiri m'mbali mwa mseu wa Masauko Chipembere, ndipo maminibasi ambiri a pakati pa Blantyre ndi Limbe amadutsa pa khomo pake. Ena sali chotero ai. Chancellor College inasamukira ku Chirunga, m'mphepete mwa tauni ya Zomba, mu 1973. Yunivesite ya Mzuzu inatsegulidwa mu 1999 ku Luwinga, m'mbali mwa mseu wopita ku Karonga. Ya sayansi, yotchedwa MUST, inayamba kuphunzitsa mu 2014 ku Ndata m'boma la Thyolo. Ndipo pali Bunda, imene ndiitenga kukhala chitsanzo changa, pakuti pamenepo bvuto limene ndiri kunenali lioneka poyera.

Koleji ya Bunda inakhala gawo la Yunivesite ya Malawi mu 1967, ndipo kuyambira 2012 iri pansi pa yunivesite ya za ulimi ya LUANAR. Inamangidwa patsinde pa phiri la Bunda, kufupi ndi msika wa Mitundu, makilomita ngati 30 kumwera kwa mzinda wa Lilongwe. Amene anasankha malowo sanalakwe. Koleji ya ulimi imafuna minda yaikulu, msipu wa ng'ombe, makola, nkhalango ndi maiwe a nsomba, ndipo zinthu zotere simungazipeze pakati pa masitolo. Ndiponso masiku amenewo ophunzira anali owerengeka, ndipo koleji inali kuwagoneka ndi kuwadyetsa pomwepo. Mseu anali kuufuna potsegulira ndi potsekera pokha, kapena tsiku Loweruka akafuna kukagula sopo ndi kuona za m'tauni.

Tsopano zinthu zinasintha. Pamene Yunivesite ya Malawi inayamba kuphunzitsa pa Chichiri mu September 1965, ophunzira onse anali 90 okha, oti akadakwana m'mabasi awiri. Lero ophunzira a m'mayunivesite a boma ali zikwi-zikwi, ndipo zipinda zogona sizinachuluke molingana ndi anthu. Chotero ambiri amachita lendi kunja kwa mpanda. A ku Chirunga amakhala ku Chikanda ndi ku Matawale, a ku Bunda amakhala pa Mitundu ndi m'midzi yozungulira, ndipo ena amakhala kwa abale m'tauni. Mzinda wa Lilongwe nao wakula. Mu 1966 anthu ake sanali kufika 20,000, koma kalembera wa 2018 anapeza anthu pafupi-fupi 990,000. Mabanja ambiri tsono ali ndi mbale ku Lilongwe amene angathe kusunga mwana, ndipo kholo losauka likaona mtengo wa lendi ndi wa chakudya limangonena kuti, "Uzikagona kwa amalume ako, uziyendera."

Mau akuti "uziyendera" ndi apafupi kuwanena. Tiyeni tiwaike pa bolodi monga atiphunzitsira a masamu. Kupita makilomita 30, kubwera makilomita 30, ndiye kuti 60 pa tsiku. Masiku 5 a sukulu apanga makilomita 300 pa sabata, mtunda wofanana pafupi-fupi ndi wochokera ku Lilongwe kukafika ku Blantyre. Munthu wa miyendo yabwino amayenda makilomita 5 pa ola, ndiye kuti wapansi akadatha maola 6 kupita kokha. Wa njinga yopalasa, ngati ali kuyenda makilomita 15 pa ola, akadatha maola 2, nafika thukuta liri kamu-kamu, mabuku ali pfumbi lokha-lokha. Galimoto ya iye yekha mwana wa mlimi alibe. Chimene chatsala ndicho minibasi, kapena timagalimoto ting'ono-ting'ono ta Sienta timene tachuluka m'miseu masiku ano.

Ulendo wake umayenda motere. Wokhala ku Area 25 kapena ku Kawale amayamba wakwera minibasi yomufikitsa ku depoti ya m'tauni yakale. Pamenepo amatsika nafuna galimoto ina ya ku Mitundu, imene imatsata mseu wa M1 wolowera ku Dedza, nipatuka pa mphambano yotchedwa Bunda Turn-off. Ndiye kuti amalipira kawiri ndi kudikira kawiri, m'mawa ndi madzulo omwe. Pa mapu ulendowu uoneka waufupi, ndipo galimoto yongoyenda osaima ingathe kuumaliza ola lisanakwane. Koma mapu sawerenga nthawi yodikira pa siteji.

Minibasi ikanyamuka imathamanga ndithu, nthawi zina mopitirira muyeso. Bvuto lake liri pa kanyamukidwe, pakuti imanyamuka ikadzaza. Chifukwa chake nchodziwika. Woyendetsa ali ndi ndalama imene ayenera kupereka kwa mwini galimoto madzulo ali onse. Ayeneranso kuthira mafuta, kulipira kondakitala, ndi kupatsako kangachepe anyamata oitanira, ndipo chotsala ndicho cha ndiwo kunyumba kwake. Mpando wopanda munthu kwa iye ndi ndalama yotayika. Ine sindimuda munthuyu, pakuti ndikadakhala iye ndikadachita chimodzi-modzi. Komatu mphunzitsi wa ku koleji amayamba phunziro poyang'ana wotchi, ndipo woyang'anira mayeso amatseka chitseko poyang'ana wotchi yomweyo. Wophunzira ali pakati pa mabwana awiri osamvana: wina awerenga mipando, wina awerenga mphindi. Amene amalangidwa zikasemphana ndiye wophunzirayo.

Ndiponso okwera a ku koleji ali ndi khalidwe lao limene limabvuta wamalonda. M'mawa onse amafuna kupita kumodzi pa ola limodzi, madzulo onse amafuna kubwerera pa ola limodzi, masana kuli zii, ndipo holide ikafika amasowa masabata angapo. Mwini galimoto sangagule galimoto zambiri chifukwa cha makasitomala otere. Ku Bunda mwai ulipo wakuti mseu womwewo ndiwo wa ku Mitundu, kumene kuli msika waukulu, kotero kuti galimoto sizisowa masana. Koma galimoto ya amalonda imayenda monga afunira amalonda. Idzaima kukweza thumba la mbatata, idzaimanso kutsitsa mtanga wa tomato, idzadikira mai amene ali kuthamanga kuchokera patali ndi mwana kumbuyo. Zonsezi nzoyenera, pakuti mseu ndi wa tonse. Chokhacho nchakuti phunziro la 8 koloko silidikira mbatata.

Choopsa choposa chimadza ndi mdima. Kuno kwathu m'mwezi wa June dzuwa limalowa 6 koloko isanakwane, ndipo ngakhale mu December sipapita nthawi yaitali 6 koloko itakwana kusanade. Kukada galimoto zimachepa, mtengo umakwera, ndipo pa siteji sipakhala pabwino kuimapo wekha. Achimwene athu amene anafikako amatiuza kuti maphunziro a ku koleji amasiyana ndi a kuno. Mphunzitsi amangoloza njira, ndipo zambiri munthu amazipeza yekha m'laibulale, pa kompyuta, ndi pokambirana ndi anzake madzulo. Tsono woyendera amatseka buku pa nthawi imene anzake ogonera pomwepo ali kutsegula ao. Maka-maka alongo athu ndiwo ali pa chiopsezo, pakuti mtsikana amene wasowa galimoto usiku amakakamizika kuyenda yekha mumdima kapena kulandira chifundo cha munthu wa galimoto amene samudziwa, ndipo chifundo chotere nthawi zina chimadza ndi ngongole yoipa. Mayeso akafika, wogonera ndi woyendera amalemba pepala limodzi, ndipo wochonga sadziwa kuti wina anataya maola atatu tsiku liri lonse pa mseu.

Nanga za ndalama? Mafuta a galimoto sitikumba kuno ai. Amachokera kunja, kudzera m'madoko a Beira, Nacala ndi Dar es Salaam, ndipo amagulidwa ndi ndalama zakunja. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, ndipo inatsitsidwanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Tonse tikumbukira kuti mafuta akakwera lero, mtengo wa minibasi umakwera mawa lake, ndipo mafuta akasowa, monga anachitira kawiri-kawiri m'zaka zimenezo, kondakitala amatchula mtengo umene wafuna. Koma ndalama ya wophunzira imawerengedwa kamodzi, poyamba pa semesita, bambo atagulitsa fodya kapena mai atagulitsa mtedza. Mtengo ukakwera pakati pa semesita kulibe kwina kokatenga, ndipo chimene chimachepetsedwa ndicho chakudya chamasana kapena masiku opita ku kalasi.

Ndiri ndi msuweni wanga amene ali chaka chachiwiri pa koleji ina ya kunja kwa tauni, ndipo amayendera kuchokera kwa azakhali athu. Pa holide yapitayi anandionetsa kabuku kamene amalembamo ndalama zake. Ndinaona kuti m'miyezi ina ya ulendo inali kuposa ya chakudya. Anandiuzanso kuti tsiku limene ali ndi phunziro limodzi lokha amakhala pansi kuyesa ngati phunzirolo lilingana ndi mtengo wa ulendo, ndipo kawiri-kawiri amangokhala pakhomo ndi kudzakopera notsi kwa mnzake. Ameneyu ndi mtsikana wakhama, amene pa sukulu ya sekondale sanajombepo ndi tsiku limodzi lomwe. Ulesi sanauphunzire ku koleji ai. Chimene chiri kumujombetsa ndi mseu.

Ngakhale munthu atafika pa chipata, ulendo sunathe. Koleji ya kunja kwa tauni imakhala pa malo otakasuka, ndipo ndicho chifukwa chake anaimanga kumeneko. Kalasi iri uku, labotale iri uko, munda wa zoyesera uli kutali, ndipo nyumba za lendi ziri kuseri kwa mpanda. Wamiyendo yabwino nyengo ya chilimwe sadandaula. Koma taganizani za mnzathu woyenda pa njinga ya olumala, kapena wosaona amene ayenda ndi ndodo, m'mwezi wa February tinjira titasanduka matope. Taganizaninso za wochoka m'laibulale usiku kupita ku chipinda chake cha lendi, kudutsa m'tinjira topanda nyali. Chotero ndikamanena za ulendo ndiri kunenanso za tinjira towaka bwino, nyali zoyaka usiku, malo okhomapo njinga, ndi kashedi pa siteji kobisalamo mvula. Zinthu zimenezi nzotsika mtengo poyerekeza ndi nyumba zosanja, koma zimaiwalika chifukwa palibe nduna imene imabwera kudzadula riboni pa kanjira.

Basi yonyamuka pa nthawi yoikika si chinthu chachilendo m'dziko muno. Agogo athu akumbukira mabasi a United Transport Malawi, amene anthu anali kungowatcha UTM. Kampani ya ku Scotland yotchedwa Stagecoach inawatenga mu 1989, niwasiya mu 1997, ndipo pambuyo pake anayenda ndi dzina la Shire Bus Lines, kampani imene nayo inadzatha. Mabasi amenewo anali ndi zolakwa zao, koma anali ndi ndandanda ya nthawi, ndipo munthu anali kudziwa ola loyenera kukhala pa depoti. M'zaka za m'ma 1990 maminibasi anachuluka, nafika m'makwalala amene basi yaikulu sinali kufikako, ndipo pa ichi tiyenera kuwathokoza. Koma pamodzi ndi mabasi akalewo tinataya ndandanda ya nthawi, ndipo amene amaifuna koposa onse ndiye mwana wa sukulu.

Maiko ena anakumana ndi bvuto lomweli, ndipo si manyazi kuona m'mene analithetsera. Ku Germany, mu mzinda wa Darmstadt, munayamba mu 1991 dongosolo limene pambuyo pake linafalikira m'mayunivesite ambiri a dzikolo. Wophunzira ali yense polembetsa semesita amalipirako ndalama ya ulendo, kaya akwera kaya sakwera. Bungwe la ophunzira ndilo limapangana mtengo ndi makampani a mabasi ndi a sitima, ndipo wophunzirayo amakwera semesita yonse pongoonetsa chiphaso. Nzeru yake iri apa: popeza olipira ndi onse, mtengo wa munthu mmodzi umatsika, ndipo popeza kampani yalandiratu ndalama, imatha kuyendetsa basi pa nthawi yake ngakhale mipando ina ikhale yopanda anthu.

Wina adzati kumeneko nkwa Azungu olemera. Chabwino, tiyeni tibwere kufupi. Yunivesite ya Cape Town ku South Africa iri ku Rondebosch, kunja kwa pakati pa mzinda, pa chitunda cha phiri la Devil's Peak, ndipo wochokera kumunsi amakwera mtunda wotopetsa asanafike pa makalasi. Yunivesiteyo iri ndi mabasi ake, amene kwa zaka zambiri anadziwika ndi dzina loti Jammie Shuttle. Amayenda motsata ndandanda pakati pa nyumba zogona, makalasi ndi masiteshoni apafupi, ndipo wophunzira sapereka ndalama pokwera. Sindiri kunena kuti ife tingathe kugula mabasi ochuluka ngati amenewo. Chimene nditengapo ndi maganizo ake, akuti yunivesite imene yakhala pa malo obvuta kufikapo iyenera kuona yokha kuti ana ake ali kufika bwanji.

Tsono pempho langa nali. Koleji iri yonse ya kunja kwa tauni ipangane ndi eni mabasi kapena maminibasi pangano la semesita yathunthu. Galimotozo zizinyamuka pa malo odziwika, pa maola olembedwa pa bolodi: zingapo m'mamawa, ina masana, zingapo madzulo, ndi yotsiriza laibulale itatsekedwa. Tikiti ikhale chiphaso cha wophunzira. Ndalama yake isonkhedwe pamodzi ndi fizi, ndipo bungwe lobwereketsa ndalama kwa ophunzira a m'makoleji, limene linakhazikitsidwa mu 2015, liziiwerengera m'ngongole ya ana osauka. M'panganolo mulembedwe kuti galimoto ikhale yoyesedwa bwino ndi ya inshulansi, kuti isanyamule anthu opitirira mipando, ndi m'mene mtengo udzasinthire mafuta akakwera. Ndiponso bungwe la NCHE, limene limayendera makoleji kuona ngati ali oyenera, lizifunsa za ulendo monga lifunsira za mabuku ndi zimbudzi.

Ndidziwa kuti ena atsutsa, ndipo nkoyenera kuti ndiwayankhe. Oyamba adzati, "Walira mvula walira matope. Wafuna koleji apirire. Kodi Legson Kayira sanayende pansi?" Indetu anayenda. Mnyamata ameneyu, atamaliza sukulu ku Livingstonia, ananyamuka pansi mu 1958 kufuna maphunziro, nafika ku Khartoum m'dziko la Sudan patapita zaka ziwiri, ndipo pambuyo pake anakaphunzira ku Skagit Valley College ku America. Ndimlemekeza kwambiri. Komatu Kayira anayenda kuti akafike pa sukulu, ndipo atafika anakhala pansi nawerenga, mpaka anadzafika ku Cambridge nakhala mlembi wa mabuku. Akadati azibwerera ku mseu m'mawa ndi madzulo, mabukuwo akadawalemba liti? Kupirira nkwabwino pamene kuli ndi phindu. Kukhala ola lathunthu m'minibasi yoima, kudikira anthu atatu otsala, sikuphunzitsa munthu chemisitiri kapena khalidwe.

Achiwiri adzati, "Mankhwala eni-eni ndi kumanga zipinda zogona, kuti onse azigona pa koleji." Ndibvomera ndi mtima wonse, ndipo ndifunitsitsa zitamangidwa. Koma nyumba yogona anthu mazana imafuna ndalama zambiri ndi zaka zingapo, ndipo pamene iri kumangidwa chiwerengero cha osankhidwa nacho chiri kukwera. Ife amene tiri m'Folomu 4 chaka chino tidzalowa ndi kutuluka zipinda zisanakwanire onse. Pangano la basi lingathe kulembedwa pa holide imodzi. Munthu amene ali kuwaka nyumba ya njerwa amayamba wamanga chisakasa choti azigonamo mvula ikadza.

Achitatu adzati, "Nanga wogonera pa koleji alipiriranji basi imene sakwera?" Ndiwafunse: kodi pa sukulu pano tonse timasewera mpira? Nanga bwanji tonse timasonkha ya masewera? Ndiponso wogonerayo amakwera ndithu. Amapita ku banki, ku chipatala chachikulu, ku depoti potsekera, ndi ku malo a nchito kumene amatumizidwa kukaphunzira ndi manja. Ndipo amene wapeza chipinda chaka chino sadziwa ngati adzachipezanso chaka chamawa. Komabe ngati kungaoneke kolemera, wogonera angathe kulipira theka, woyendera nalipira yonse. Chachikulu nchakuti thumba likhale limodzi, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Achinai adzati, "Muwalanda chakudya a minibasi ndi a kabaza." Iai, pakuti m'pempho langa amene adzanyamula ophunzira ndi eni maminibasi omwewo, ndipo adzakhala ndi ndalama yodziwika mwezi ndi mwezi m'malo molimbirana okwera pa siteji. A kabaza nao nchito yao siitha, chifukwa basi singalowe m'tinjira ta m'midzi momwe ophunzira amachita lendi. Chofunika kwa iwo nchakuti alembetsedwe, abvale malaya a nambala kuti wokwera usiku adziwe amene wamunyamula, ndipo a njinga zamoto akhale ndi chisoti cha wokwera, osati chao chokha.

Otsiriza adzati, "Ndalama yosonkha imadyedwa." Mantha amenewa ndi oona, ndipo sindiwapeputsa. Mankhwala ake ndi kuika zonse poyera. Ophunzira asankhe anzao okhala m'komiti yoyang'anira pangano, panganolo limatidwe pa bolodi kuti ali yense awerenge, ndipo kumapeto kwa semesita zolowa ndi zotuluka zilengezedwe. Basi ikachedwa kapena ikajomba zilembedwe, ndipo mwini wake adulidwe malipiro. Ubwino wa ndandanda ya nthawi ndi womwewu, kuti ali yense amene ali ndi wotchi angathe kuona ngati pangano liri kusungidwa.

Zimene ndanenazi ziri m'manja mwa akulu-akulu, ndipo mwina zidzachedwa. Koma pali zina zimene ziri m'manja mwathu lero lomwe. Anzanga, tisanalembe dzina la koleji pa fomu, tiyeni tifunse mafunso awa kwa amene ali komweko. Kodi a chaka choyamba onse amapeza malo ogona? Ngati sapeza, amachita lendi kuti, ndipo kuchokera kumeneko kufika pa kalasi ndi mphindi zingati pansi? Kodi galimoto yotsiriza imanyamuka nthawi yanji? Kodi ulendo wa tsiku limodzi ndi ndalama zingati, ndipo ukachulukitsidwa ndi masiku a semesita upanga zingati? Kodi nyengo ya mvula njira imapitika? Mayankho ake tiwatengere kwa makolo athu asanagulitse mbeu, kuti awerengere bwino. Sindiri kuuza munthu kuti asiye maphunziro amene awakonda chifukwa choopa mseu. Ndiri kunena kuti apite ali wodziwa, pakuti safunsa anadya phula.

Kwa inu aphunzitsi athu ndiri ndi zopempha ziwiri. Choyamba, pamene muitana achimwene ndi achemwali athu a ku koleji kudzatilankhula, muziwapempha kuti anene za lendi ndi za ulendo momwe, osangonena za mapointi ndi za gauni. Chachiwiri, ngati kudzatheka kuti a Folomu 4 akaone koleji, ulendo umodzi tisapite pa basi ya hayala imene imatitula pa khomo peni-peni. Tipite m'magulu ang'ono-ang'ono pa minibasi, gulu liri lonse ndi mphunzitsi wake, tilembe ola limene tafika pa depoti, ola limene galimoto yanyamuka, ndi ndalama imene talipira. Tikabwerako a masamu ndi a jogalafe adzakhala ndi phunziro la sabata yathunthu, ndipo ife tidzadziwa chimene chiri kutidikira.

Enafe pa sukulu pano ndife oyendera kale, ndipo tidziwa kusiyana kwa mwana amene walowa m'kalasi atapuma ndi amene walowa ali wefu-wefu. Boma limataya ndalama zambiri kumanga makoleji ndi kulipira aphunzitsi odziwa, ndipo makolo amadzimana kuti alipire fizi. Nzomvetsa chisoni kuti zonsezi zichepe mphamvu chifukwa chakuti wophunzira ali khale pa depoti pamene phunziro liri mkati. Ndipempha a kalabu ya mtsutso kuti nkhani imeneyi aiike pa ndandanda yao ya teremu ya mawa, ndipo amene ali ndi maganizo osiyana ndi anga andiyankhe m'magazini yotsatira. Ndidzawerenga yankho lao mokondwa.